Phokoso Lija Landibwezera Mwana

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi likuti bwanji? Kuno tili bwino, kachimfine kokha ndi kamene kanandigwira, koma kapita.

Nkhani ya mwana wanu wamkazi ija yasintha, ndiye khalani pansi. Paja ndinakuuzani kuti chisamukire kuno sandilankhula, amangodzitsekera m'chipinda n'kutsegula nyimbo za gulu lija la magitala, zimene ine ndinkati ndi malata akugwa padenga. Ndinafika pogonja, n'kukupemphani kuti mumukonzere bedi adzakhale kwanuko. Ndinapempha ndi misozi, achemwali, poti mwana amene ndinabereka ndi mmodzi yemweyu.

Ndiye kuntchito yochapa zovala kuja anandisintha malo. Tsopano ndimasita pafupi ndi mkulu wina wosoka, timangowatchula kuti a Mabatani. Tsiku loyamba atatsegula kawailesi kawo, ndinangomva phokoso lomwe lija. Ndinati tsoka langa landitsata mpaka kuno. Ndinawafunsa ngati sachita manyazi ndi imvi zawozo. Anaseka, nati gululo ndi la pa unyamata wawo, mawailesi akuluakulu ankalikana, koma anyamata ambiri oimba magitala masiku ano anayamwa pamenepo.

Ndinapirira poti ntchito ndi ntchito. Koma nyimbo zawozo zili ndi khalidwe lake. Zimayamba chapansipansi ngati munthu akudandaula yekha, kenako zimaphulika, n'kubwereranso pansi. Mosadziwa, manja anga anayamba kutsatira. Pofatsa paja ndimasita kolala ndi mikono, pakaphulika ndimathamangitsa simbi pamsana pa malaya. Abwana mpaka anandifunsa kuti ndikudya chiyani masiku ano. Pang'ono ndi pang'ono ndinazindikira kuti woimbayo sakuwa chabe, amalira, ndipo gitala lina la mawu okhuthala limamutonthoza kumbuyo.

Loweruka ndikusita yunifolomu ya mwanayu pabalaza, ndinayamba kung'ung'udza nyimbo imodzi. Chitseko chinatseguka. Mwanayu anandiyang'ana ngati waona mbuzi itavala nsapato, kenako anati ndikuphonya, pamenepo mawu amakwera, satsika. Ndinamuuza kuti andiphunzitse ndiye. Anakhala pansi, n'kuimba nyimbo yonse, n'kundimasulira mawu ake. Akuti ndi ya munthu amene wasamukira kumalo kumene palibe womudziwa dzina. Atamaliza sanadzuke. Anandiuza kuti kusukulu nthawi yopuma amadya yekha. Simbi inapsereza kolala ine ndili kumvetsera, ndipo sindinadandaule.

Masiku ano timamvera limodzi. Nyimbo zina ndimazikanabe, makamaka ija woimba ng'oma amachita ngati akumenya wakuba. Mwanayu amati nazonso ndidzazizolowera, ndipo timakangana mpaka kuseka.

Pempho langa ndi limodzi. Gitala lija la achimwene limene lili pamwamba pa kabati ya amayi, mulipukute fumbi, mupatsire aliyense wobwera kuno. A Mabatani alonjeza kuliika nsambo zatsopano n'kumuonetsa mwanayu pogwira.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, achimwene, azakhali ndi ana onse. Bedi lija azigonapo alendo. Mwana wanu wati sapita kulikonse mpaka ine nditasiya kuphonya, ndipo inu mukudziwa mmene ndimaimbira.

Tsalani bwino, ndine mng'ono wanu,
Wosita malaya