Malungo Sadziwa Chipwitikizi

Lachitatu, mwezi wa Juni. Mwera wakuntha tsiku lonse, ndipo nanenso mtima sunakhale m'malo.

Asha, mwana wa a Saidi asodzi aja, walowa m'kalasi mwanga m'mawa akunjenjemera. Lamulo la a Diretoro, mkulu wa sukulu yathu, likuti mwana wodwala anene matenda ake m'Chipwitikizi kuti aloledwe kupita kwawo. Akalankhula Chinyanja amenyedwe m'manja kasanu ndi palamatoriya, kathabwa komenyera ana kaja. Asha anayesa, koma mawu anamuthawa. Anangoti, "Aphunzitsi, ndikumva mphepo m'mafupa."

A Diretoro anamva ali pakhomo, ndipo anandipatsa kathabwako. Nditagwira dzanja la mwanayo, linali moto weniweni. Ndinati, "Bwana, malungo sanalembetse sukulu pano. Chipwitikizi akachidziwira kuti?" Kathabwa ndinakasiya patebulo, mwana ndinamubereka mpaka kwa amake.

A Diretoro akuti mawa akandinenera kwa akuluakulu a boma ku Maniamba. Akanene. Akandichotsa ntchito ndikalima chinangwa ngati amayi anga, sindifa nayo njala. Kathabwa kaja kakadali patebulo pomwepo. Amene akufuna kumenya malungo akakatenge yekha.