Mbewa ya Mabatani Khumi ndi Awiri

Lolemba, 9 Seputembala

Magetsi maola atatu okha. Ku kiyosiki ya madzi mzere mpaka pa tchalitchi. Ba Mukupa adya phala masupuni asanu, yachisanu ndi chimodzi yathera pa malaya.

Mwezi wachinayi tsopano kuchokera pamene sitiroko yachiwiri inawagwira amuna anga. Mawu palibe. Mutu umagwedera wokha, sungadziwe ngati akuvomera kapena akukana. Chotsala ndi maso ndi chala chachikulu cha kumanja.

Alamu anga ba Nsama aimba foni. Lamulungu akubwera ndi achimwene awo ba Kabwe, akufuna kuwatenga apite nawo kumudzi ku Mporokoso. Akuti ine ndalephera. Akuti zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi popanda mwana, ndikuumirira chiyani. Ndawauza kuti eni ake sakufuna kupita, ndimaona m'maso mwawo. "Vamaso ni iwe umamasulira, mulamu. Bakambe beka." Akudziwa bwino kuti sangakambe.

Ndakwiya.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Kwa ba Mike okonza mafoni pa msika wa Lilanda. M'katoni ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito muli mausi yakuda, yaikulu, ya anthu osewera magemu. M'mbali mwake, pamene pamakhala chala chachikulu, mabatani khumi ndi awiri. Ndaiyang'ana nthawi yaitali.

Ganizo langa ndi ili. M'foni ndili ndi mavoisi awo a pa WhatsApp a zaka zitatu. Ndidule mawu amodziamodzi, batani lililonse likhale ndi mawu ake. Akadina, laputopu ilankhule ndi mawu awo enieni. Ba Nsama asadzanenenso kuti ndine ndimamasulira.

Ba Mike akuti pulogalamu yosinthira mabataniwo ndi ya Windows yokha. Laputopu yanga yotayipira makalata a anthu ndi nkhalamba, ba Mike omwewo ndiwo anaikamo Linux kuti izipumako. Windows singaikwanitse. "Yesani chabe, amai, kaya."

Mausiyo ndaigula, ndafika nayo kunyumba, ndaiika pa chifuwa cha ba Mukupa, ndati ndakubweretserani ndiwo. Mbewa. Pakamwa papotokerako mbali imodzi. Ndiko kuseka kwawo masiku ano. Chikwatirane, Mbemba ameneyu sanandiitanepo dzina langa popanda kuwonjezera zoti ife a Kummawa timadya mbewa. Ine ndinkabweza za anyani a kwawo. Chimbuya chathu chinali chimenecho, ngakhale pa tsiku la ukwati.

Lachitatu, 11 Seputembala

Kamuvi kakuyenda pa sikirini. Kudina kumanzere ndi kumanja kukugwira. Nyali zake zikuwala, zofiira, zobiriwira, ngati minibasi ya ku Matero. Koma mabatani a m'mbali zii. Onse khumi ndi awiri.

Ndaika pulogalamu yotchedwa Piper. Yandiuza kuti mausi iyi siikuidziwa. Yabwera kuchokera kutali, dzina lake palibe pa mndandanda.

Pa intaneti azungu akukangana okhaokha. Wina akuti taya ugule ina. Wina akudandaula kuti walephera kuwombera adani ake m'gemu. Ndinafuna kumulembera kuti bwera kuno ku komboni ya George udzaone kulephera.

Batire yafa. Magetsi sanabwerenso.

Ndadula mavoisi pa foni. "Ee." "Awe." "Manzi." "Emelda," dzina langa. "Vibaba," kunena kuti zikupweteka. Kupeza "awe" sikunavute, munthuyu ankakana chilichonse. Ndamvera voisi imodzi kasanu, ali pa galaji, akuti ndisunge nsomba yake ndisadye. Kumbuyo kukumveka masipanala. Ndatuluka panja kuti asandione.

Lachinayi, 12 Seputembala

Tsiku loipa.

Magetsi anabwera m'mawa, ine ndili pa laputopu, ndikuthamangitsana ndi nthawi. Ndinamva kubuula kwawo, ndinati dikirani pang'ono. Pang'ono panakhala ola. Nditatembenuka anali atadziipitsira, bulangete lonse, ndi madzi m'nyumba chigubu chimodzi. Powanyamula msana wanga unalira. Tinagwa tonse pansi pakati pa bedi ndi khoma. Magetsi n'kuthima pomwepo.

Ndinakuwa. Ndinati ndatopa nanu, ndatopa, mwandimaliza. Ndinanena ndikuwayang'ana m'maso.

Sanaphethire.

Ndawasambitsa, ndawadzoza mafuta, ndapepesa katatu. Ayang'ana denga. Phala akana.

Ndikudzida.

Lachisanu, 13 Seputembala

Ndanyamula laputopu kukatchaja kwa ba Mike, ali ndi sola. Takhala pa benchi maola anayi, makasitomala awo akubwera n'kumapita. Tatsegula kapulogalamu koonetsa chilichonse chimene mausi ikutumiza. Kudina m'mbali, palibe chotuluka.

Kenako ndaona pa mndandanda kuti dzina la mausi lalembedwa kawiri. Ndafunsa chifukwa chake. Ba Mike akuti mwina n'kulakwitsa chabe. Ndati tiyeni titsegule lachiwirilo.

Manambala mbwee! Kompyuta imaiona ngati zinthu ziwiri, mausi ndi kiyibodi. Mabatani a m'mbali amalowera ku kiyibodiko. Mwini wake woyamba anawaikira makiyi achilendo a gemu yake, ndiye palibe chinkaoneka. Masiku atatu yakhala ikulankhula, ine ndikumvetsera khomo lolakwika.

Ba Mike achita manyazi, akuti akanadziwa kale. Tamangirira batani lililonse ku voisi yake. Ndadina loyamba, mawu a amuna anga amveka pakati pa msika: "Ee." Mayi wogulitsa tomato watembenuka, amawadziwa.

Loyamba ee. Lachiwiri awe. Lachitatu madzi. Lomaliza linatsala lopanda kanthu, ndaikapo kachidutswa kena kongoseka nako.

Loweruka, 14 Seputembala

Ndamangira mausi ku dzanja lawo ndi kansalu ka chitenje. Chala chikupeza mzere woyamba bwino, wapansi movutikira.

Ndinu ba Mukupa? "Ee." Mumadya mbewa? "Awe." Awe kachiwiri, awe kachitatu. Ndaseka mpaka misozi. Apempha madzi okha, koyamba m'miyezi inayi. Atamva mawu awo akutuluka mu laputopu anatseka maso nthawi yaitali.

Funso lalikulu sindinafunse. Ndinati ndisawatopetse. Bodza. Ndinaopa.

Masana akugona, ndinatsegula pamene pali mndandanda wa mabatani. Ndikudziwa mmene ba Nsama adzafunsire, adzati mufuna kupita kumudzi. Kusintha mzere umodzi wokha, batani loyamba nalonso lizinena awe. Ndani angadziwe? Ndinasinthadi. Ndinakhala ndikuyang'ana. Munthu watsala ndi chala chimodzi, ine ndimubere chomwecho? Ndabwezera mmene zinalili.

Ndachapa makatani. Asadzanene kuti m'nyumba mukununkha.

Lamulungu, 15 Seputembala

Abwera atatuluka ku tchalitchi. Ba Nsama ndi chitenje cha kwaya, ba Kabwe ndi chipewa m'manja. Ataona mausi pa dzanja ba Nsama anati izi ndi zoseweretsa ana. Ndinati funsani.

Ba Kabwe anayamba ndi zapafupi. Dzina la mayi awo, mudzi wawo, kusokoneza dala. Ee, awe, awe, ee. Sanaphonye ngakhale limodzi. Ba Nsama atamva mawu a mlongo wawo anagwira pakamwa n'kukhala pansi. Ine mtima uli m'mwamba, ndikuti lero muona.

Ndiye ba Kabwe anafunsa m'Chibemba, pang'onopang'ono, ngati akufuna kupita kumudzi.

"Ee."

Ndinati chala chaterereka. Ndinakonza kansalu. Anafunsanso. Ee. Ndinafunsa ndekha mwa njira ina, mukhale kuno ndi ine? Anandiyang'ana. Chala chinasuntha bwinobwino kupita pa lachiwiri.

"Awe."

Ndinagwada pa bedi, alamu ali pomwepo, manyazi atandithera. Ndinati kodi ndi chifukwa cha zimene ndinanena Lachinayi? Sanadine loyamba, sanadine lachiwiri. Chala chinatsika movutika mpaka pansi penipeni, pa lomaliza lija.

"Iwe wakudya mbeba iwe!" Ndi kuseka kwawo kwakale, kwa pa galaji.

Ba Kabwe anaseka osafuna. Ba Nsama nawonso, akupukuta maso. Ife awiri sitinaseke. Misozi ya amuna anga inatsikira m'khutu, ndinaipukuta ndi chala.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Kulongedza. Mabulangete awiri, mankhwala a BP, mafuta odzola, supuni yawo yaing'ono. Ndalembera ba Nsama papepala mowatembenuzira maola awiri aliwonse. Alandira osanyoza. Akuti ndizipita kukawaona. Ulendo wa tsiku lonse ndi theka.

Mausi singapite. Kumudziko kulibe magetsi, ndipo popanda laputopu iyi ndi chinthu chakufa. Ndinati nditumize zonse, ndiona podyera. Ndawafunsa. "Awe." Ndaumirira. "Awe, awe."

Ndafunsanso za Lachinayi. Apempha madzi.

Lachisanu, 20 Seputembala

Ananyamuka Lachitatu m'mawa pa galimoto ya mnzawo wa ba Kabwe, atagonekedwa pa matiresi kumbuyo. Afika. Ba Nsama akuti adya pang'ono. Anayika foni pa khutu lawo, ndinalankhula ndekha mphindi ziwiri, ndikumva kupuma.

Ndagona mpaka dzuwa kukwera, koyamba chiyambire Meyi. Msana wasiya kupweteka. Zimenezi zikundinyansa.

Ndatsegula mndandanda uja kanayi kuona ngati ndinabwezeradi bwino Loweruka. Loyamba ee. Lachiwiri awe. Palibe cholakwika. Ndinafunitsitsa chitapezeka.

Lolemba, 23 Seputembala

Ba Mike akuti pali wina akufuna mausi ya magemu, ngati ndathana nayo. Ndati sindinathane nayo.

Makalata awiri otayipa, CV imodzi. Magetsi abwera masana. Kansalu ka chitenje kakadali pa mausi, sindinamasule. Ndalowetsamo dzanja langa. Nyali zayaka.

Ndafunsa chipinda chopanda munthu, mokweza ngati wamisala: munandikhululukira?

Chala changa chili pa batani loyamba. Ndikudziwa chimene adzanene ndikadina. Ndiye vuto lake, ndikudziwa, ndipo chala n'changa, si chawo.