Kolala ya Jekete ya Orville

Lolemba, 3 Marichi 1980
Ndabwerera ku labotale, koyamba chiikireni m'manda mwamuna wanga Orville. Ntchito yomwe ija: kumeta mbewa zoyera pamsana, kudonthezapo mafuta opangidwa kuchokera ku malasha, kudikira ngati khansa ituluke. Wanda, mnzanga wa pantchito, sanandipepese. "Iwe Verna, mbewa zako zakusowa. Zikuti manja anga ndi ankhanza." Ndaseka. Mumtima ndamuthokoza.

Lachinayi, 6 Marichi
Mvula yowaza, mapiri a Tennessee osaoneka. Madzulo pakhonde ndi buku, nditavala jekete ya Orville ya kuntchito. Kolala yakuda bii, youma gwaa. Ankakana kuti ndiichape. Kufakitale yawo yoyengera malasha, wa jekete yoyera amamuseka kuti ndi mlendo. Fungo la phula ndi fodya. Ndi iyeyo ndithu.

Lachitatu, 12 Marichi
Mbewa za mafuta olemera, akuda aja, zatuluka njerewere. Za mafuta opepuka zili bwinobwino. A Dokotala Pruitt, mkulu wathu, anaziyang'ana nthawi yaitali. "Mayi Ledford, awa asamakhudze khungu la munthu. Ngakhale chovala chimene athimbirira chisalowe m'nyumba."

Ndinawerengapo za ana osesa machumuni ku London kalekale. Mwaye m'zovala, nthenda n'kudzabwera atakula.

Lachisanu, 14 Marichi
Orville inamutenga ndi nthenda ya mtima. Ndikukhulupirira zimenezo. Koma kanjerewere kaja kumbuyo kwa khosi, pokhula kolala. Ndinkakaona pomumeta tsitsi. Iye ankati, "Kasiye, ndi kabatani kondizimitsira ndikamalongolola."

Jekete ndaivula. Sindinaitaye. Ili pamsomali.

Lamulungu, 16 Marichi
Royce, mng'ono wake wa Orville, wabwera kudzakonza mpope titaweruka kutchalitchi. Akadali kufakitale komweko, jekete yake yakuda kuposa ya mkulu wake. Ndamuuza za mbewa. "Alamu, ndiye kuti ine ndi mbewa? Mchira wanga uli kuti?" Wadya nyemba ndi chigumu, wapita akuimba mluzu. Kaimbidwe komwe kaja ka mkulu wake.

Lachitatu, 19 Marichi
A Pruitt akuti atapeza nsalu yovalidwadi kufakitale, akhoza kuiyeza, mabwana n'kulamula kuti zovala zizichapidwa konko. Afunsa ngati alipo wodziwana ndi a kumeneko. Wanda anandiyang'ana, kenaka n'kuyang'ana pansi.

Lachinayi, 20 Marichi
Ndadula kolala. Sizasi inavutika nayo. Ndaipereka m'botolo lotseka, aimata nambala.

Pobwera ndanunkhiza jekete yotsalayo. Nsalu chabe. Fungo lonse linali m'kolalamo.

Ndamuimbira foni Royce kuti tsitsi lake lakula ngati la mbuzi, abwere Loweruka ndidzamumete. Waseka, wavomera. Ndidzamukhazika pampando womwe uja ndinkameterapo Orville, pafupi ndi zenera, pamene khosi limaoneka bwino.