Chimbudzi chathu chasiya kulira

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukupepukako? Kuno tadzuka, koma ine ndapsa mtima, ndipo muwerenge mpaka pansi poti nkhaniyi ndi yanunso.

Chimbudzi chathu chinayamba kulira. Ukagejemula madzi osaleka, kumangoti chooo tsiku lonse, ine pa makina mpaka kukhotetsa msoko. Ndikagwedeza chogwirira chimaleka pang'ono n'kuyambiranso. Mayi wa nyumba yapansi anabwera kudzandifunsa ngati ndatsegula mtsinje, akuti mpopi wake ukungodontha chifukwa cha ine. Ndinamuyankha zimene ndinamuyankha, pano moni sitikupatsana.

Ndinapempha achimwene kuti ayang'aneko, poti mwamuna m'nyumba muno ndi iwowo. Anati zimenezo n'za apulambala, chivundikiro cha thanki ndisachikhudze ndingaswe. Apulambala nawonso mawa, mawa. Ndinatopa nazo. Makina osokera ndinaphunzira ndekha kumasula, ndiye kathanki kandikanike?

Bambo wogulitsa mapaipi anandiuza kuti matenda ake sachuluka. Mwina mphira wapansi watha ndiye madzi akuthawira m'mbale, apo ayi mpira woyandama uja sukukwera kuti utseke madzi olowa. Ndinagula mphira, ndinatseka madzi pakhoma, n'kunyamula chivundikiro. Mphira wakale ali bwinobwino. Koma pa kamkono ka mpira uja patsamira botolo la mowa, linzake lagona pansi likuzizira mwaufulu. Mpira ukwere bwanji utapanidwa chonchi? Nditachotsa mabotolowo n'kutsegula madzi, thanki inadzaza n'kungoti zii.

Achemwali, ndinu munandilumbirira kuti achimwene mowa anasiya. Ndinu munati ndiwalandire adzafune ntchito kuno. Ine ndi pakamwa pangapa ndinakawapemphera ntchito kwa mayi wa sukulu ya mkaka amene ndimamusokera mayunifolomu, ndipo wawalemba kuti aziyendetsa galimoto yonyamula ana. Akuyamba sabata yamawa.

Nditawaonetsa mabotolo, anati ndi a anthu amene ankakhala muno kale. Ndinawakumbutsa kuti chimbudzichi chakhala chete zaka zonsezi mpaka iwo atafika. Anasintha, akuti ndi a chifuwa, amangonyowetsa pakhosi. Zitawathera anati mwana wamng'ono safunsa mkulu wake choncho. Ndinawauza kuti ukulu wawo ndimaulemekeza, chakudya ndimayamba kuwapatsa iwo, koma ana a eni ake sindingawakweze m'galimoto ya munthu wobisa mowa m'chimbudzi. Pano akungodutsa mwakachetechete ngati wolakwa ndine.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaimbire foni, poti inu amakumverani. Muwauze akaikane okha ntchitoyo, apeze chifukwa chilichonse chimene angakonde, ulemu wawo utsale. Akapanda kutero ndikanena ndine, ndipo mukundidziwa, sindidziwa kuzungulira. Mayi uja akakwiya n'kundilanda mayunifolomu, andilande. Amayi musawauze kaye, mwendo wokhawo ukuwakwanira.

Musaope, kuwathamangitsa sindiwathamangitsa. Pogona alipo, ndipo ntchito ina tifuna limodzi, bola ikhale yopanda chiwongolero.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Wamkuluyo mumuuze diresi lake ndadula kale, latsala mabatani.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumamuti Chikamwa