Kodi ndiotche dzina la mlongo wanga ndi simbi?

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 24. Ndili ndi mwana mmodzi wamkazi, Keilin, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene amakhala ndi mayi anga. Sukulu ndinalekeza giredi 6. Kwa zaka zinayi tsopano ndakhala ndikusamalira Doña Ondina, mayi wa zaka 81 amene kale anali mphunzitsi wamkulu, ndipo mpaka lero tauni yonse imawatchula kuti Aphunzitsi. Ndimawasambitsa, kuwapatsa mankhwala pa nthawi yake, kuwaphikira nyemba zopanda mchere ndi kuwawerengera nyuzipepala, chifukwa maso awo anafooka. Tsamba lanu lokha amati ndizilidumpha, akuti ndi la miseche, ndiye ndimaliwerenga ndekha.

Nkhani yanga ndi iyi. Pamkono wanga wamanzere, m'munsi pang'ono mwa chigongono, ndili ndi tatu, zolemba za inki zapakhungu zosafufutika zija. Si chithunzi ayi, ndi zilembo zisanu zokha: NAHÚN. Limeneli ndi dzina la mlongo wanga. Ananyamuka ulendo wa kumpoto kukafuna ntchito kunja kwa dziko ali ndi zaka 19. Anatiimbira foni komaliza ali ku Mexico akudikira sitima ya pamtunda ya katundu yoti akwere mozemba, ndipo kuyambira pamenepo sitinamvenso mawu ake. Mtembo sitinauone, manda alibe. Patatha chaka ndinapita kwa mnzake wina wometa tsitsi m'dera lathu, amene anali ndi kamakina kopanga yekha ndi waya wa gitala, kamota ka wailesi ndi inki ya bolopeni. Zilembozo n'zokhota, ndipo inkiyo inasanduka yobiriwira. Aliyense woona angadziwe kuti zinalembedwa kuseri kwa nyumba ya malata.

Sindinalowepo m'gulu la zigawenga zotchedwa mara ngakhale tsiku limodzi, ndipo kupolisi dzina langa kulibe. Koma mukudziwa mmene anthu kuno amaonera munthu wa tatu. Choncho zaka zonse zinayi ndavala malaya a manja aatali, ngakhale mu Epulo pamene phula limafewa mumsewu. Powasambitsa Aphunzitsi ndimapinda dzanja lamanja lokha. Amandiseka, amati: “Sisitere wanga iwe, udzafa ndi thukuta. Ukubisa chiyani m'menemo, mphere?” Ine ndimangoti ndimazizidwa msanga.

Chaka chatha Aphunzitsi analetsa bambo wina wotibweretsera madzi akumwa kuti asadzafikenso pageti, chifukwa anaona nkhope ya Yesu itajambulidwa paphewa pake. Anati: “Munthu amene anakhalapo pa desiki sadzilemba ngati khoma la chimbudzi cha pa depoti.” Patangotha miyezi iwiri kunabwera mwana wa Aphunzitsi, a Ligia, amene amaphunzitsa pa yunivesite ku Valencia, m'dziko la Spain. Pa nkhomaliro anatambasula dzanja, kuonetsa tatu ya kambalame, n'kunena kuti: “Amayi, mwakaona kanamzeze kanga?” Aphunzitsi anavala magalasi n'kuti: “Wapenga iwe? Pa msinkhu wakowu?” A Ligia anaseka: “Aaa amayi, kwathu kuja ngakhale majaji ali nazo.” Aphunzitsi amvekere: “Kwanu kuti? Unabadwira pabedi lili m'chipinda umo.” Koma alendo atabwera kudzamwa khofi, iwo omwewo ndi amene ankagwira dzanja la mwana wawo n'kumaonetsa: “Taonani kusalala kwa mizere. Wajambula ndi munthu wa digiri ameneyu. Ili ndi luso, si za akaidi zija.” Ine ndinali chiimire pomwepo, thireyi ili m'manja.

Tsopano a Ligia akufuna kutenga mayi awo kuti azikakhala nawo, ndipo Aphunzitsi akana kupita popanda ine. Anati: “Azunguwo asadzandigwire. Msana wangawu amaudziwa ndi mwana uyu.” A Ligia andikonzera kalata ya ntchito kuti ndipeze viza. Akuti ndikakhala kumeneko zaka zingapo osaphwanya lamulo, ndingapeze chilolezo chokhalitsa, ndipo Keilin angabwere kudzaphunzira. Aphungu, chimenechi ndicho ndikufuna kuposa china chilichonse. Kwathu palibe amene anapondapo ku sekondale.

Vuto n'lakuti pakufunika kalata ya dokotala. Andilembetsa kwa dokotala wa banja lawo, ndipo kwatsala milungu itatu. Dokotalayo anali mwana wa sukulu wa Aphunzitsi, ndipo amadya nawo nkhomaliro Lamlungu lililonse. Adzandiuza kuti ndipinde malaya manja onse.

Ndinauza msuweni wanga Dilcia, amene amagulitsa baleada, tizitumbuwa toika nyemba m'kati, pa depoti ya mabasi. Anati: “Ndiwe wopusa kapena wamantha? Simbi basi, kuwerenga mpaka faifi, zatha. Amuna anga anachotsa yawo choncho, lero ndi alonda pa sitolo yaikulu. Ukanene kuti unapsa ndi mafuta okazingira nthochi.” Nditamukumbutsa kuti ndi dzina la Nahún, anati: “Nahún akakupatsa viza? Wakufa sadyetsa mwana, msuwani.” Akutinso ku ofesi ya kazembe amavula anthu malaya, ndipo akaona tatu amadinda pasipoti kuti usadzafikekonso.

Ndinagula bandeji, thonje ndi mankhwala opaka pachilonda. Lachiwiri masana, Aphunzitsi atagona, ndinayatsa simbi. Ndinaiyesa pa kansalu kakale mpaka kanapserera, kenako ndinapinda malaya. Ndinaima choncho mpaka wogulitsa mkaka anagogoda pageti, ndiye ndinazimitsa. Zinthu zija zikadali m'chikwama changa.

Palinso fomu ya viza imene ili ndi mzere wofunsa za maphunziro. Aphunzitsi anati: “Lemba sekondale, usatichititse manyazi pamaso pa eni dziko. Umawerenga bwino kuposa ena amene ndinawapatsa satifiketi ndi dzanja langali.” Ine ndalemba giredi 6 ndi pensulo, sindinadutsitsemo inki.

Ndithandizeni. Kodi ndiotche? Ngati nditero, chilonda chingapole m'milungu itatu? Ndikapanda kutero, ndikuopa kuti mwana wanga ataya mwayi chifukwa cha zilembo zisanu. Sindikufuna kunamiza mayi amene amandikhulupirira, komanso sindikufuna kuona nkhope yawo akadzaona mkono wanga.

Y. O. M.,
El Progreso

Mwana wanga Y. O. M.,

Simbiyo ndi yositira zovala. Ibwezere pamalo ake lero lomwe.

Khungu lopsa ndi simbi silipola m'milungu itatu, makamaka ndi kutentha kwa kwanuko. Udzafika kwa dokotala ndi chilonda chotuluka mafinya, ndipo munthu wa chilonda chonyeka sangasambitse nkhalamba. Dokotalayonso sanabadwe dzulo. Mafuta okazingira amasiya madontho apa ndi apo, sasiya chithunzi cha simbi. Komanso tonse m'dziko muno tikudziwa zimene timaganiza tikaona chipsera chachikulu pamkono wa wachinyamata: timati apa panali chizindikiro cha mara, wafufuta. Dzina limawerengeka, ungalifotokoze, ungaonetse chithunzi cha mwini wake. Pachipsera aliyense amawerengapo zimene akufuna. Amuna a Dilcia anachita mwayi. Ine ndalandirapo makalata a ena amene anakathera pabedi la chipatala.

Zoti ku ofesi ya kazembe amavula anthu, kodi Dilcia anapitako liti? Monga ndikudziwira ine, kalata ya dokotala imanena ngati uli ndi matenda opatsirana, ya kupolisi imanena ngati unapalamulapo, ndipo ya ntchito imanena amene akukulemba. Koma safunsa anadya phula. Imba foni ku ofesiko, ufunse wekha, ndipo ufunsenso ngati angalandire kalata ya dokotala wina wovomerezeka. Dokotala wa banjayo alibe ufulu wokamba za thupi lako patebulo, komabe lilime la munthu amene wakhuta sitilidalira.

Chimene chingakuphere viza ndi mzere wa pensulo uja. Dutsitsamo inki pa giredi 6. Bodza la pafomu likagwidwa lidzagwera iwe, osati Aphunzitsi, ndipo akhoza kulifukula tsiku lomwe ukupempha chilolezo chokhalitsa. Akukuitanira ntchito yosamalira nkhalamba, ndipo zaka zinayi zimene wagwira ntchitoyo n'zokwana kukuchitira umboni. Ngati sukulu ikukuwawa mumtima, masukulu a akuluakulu alipo, kuno ndi uko komwe. Kalata yakoyi yandionetsa kuti sungavutike.

Tsopano tifike pachovuta. Amene ukuwaopa kwenikweni ndi Doña Ondina. Tiyerekeze kuti wadutsa kwa dokotala osaoneka. Udzabisa bwanji mkono zaka zonsezo m'kanyumba kamodzi, bafa limodzi, mukuonana m'mawa ndi madzulo? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Imbira a Ligia sabata ino, popeza ndiwo akusaina kalata ya ntchito. Uwauze mwachidule: mlongo wanga anasowa panjira, alibe manda, dzina lake lili pamkono panga. Usapepese, sunabe kanthu. Kenako mayi awo uwauze wekha, m'mawa atamwa khofi, muli awiriwiri, popanda alendo oti adzionetsere pamaso pawo. Yamba ndi Nahún, mkono ubwere pambuyo. Munthu amene anaphunzitsa zaka zambiri m'tauni ngati yanuyo ali ndi ana ake a sukulu amene anatenga njira yomweyo osabwerera. Mwina amawakumbukira mayina.

Sindikukulonjeza kuti amwetulira. Akhoza kukalipa, kukhala duu masiku awiri, kapena kunena mawu olasa. Zoti inki ya mwana wa bwana ndi luso pomwe ya mwana wa mmphawi ndi umbava, ndi matenda akale a dziko lathu, ndipo sudzawachiza ndiwe m'milungu itatu. Uwasiye alankhule, usayankhe mwaukali, mankhwala awo uwapatse pa nthawi yake monga mwa masiku onse. Nkhalamba imene yakana kukwera ndege popanda iwe ili ndi chifukwa chachikulu choti iganize kawiri.

Akakukana, zidzawawa, ndipo sindikunamiza kuti mwayi wina uli pakhomo. Koma kuli bwino uzidziwe uli ku El Progreso, kumene ungakwere basi kupita kwa mayi ako, kusiyana n'kudzazidziwa uli kutsidya kwa nyanja, denga, chakudya ndi mapepala ako zonse zili m'manja mwa banja limodzi. Akakulola, werenga kalata ya ntchito mzere ndi mzere. Funsa za tsiku lopuma. Funsanso, ngakhale n'zochititsa manyazi, zimene zidzachitike ndi mapepala ako Doña Ondina akadzatisiya, pakuti ndi achikulire ndipo chilolezo chokhalitsa chimafuna zaka. Pasipoti usunge wekha.

Chenjera, mwana wanga. Munthu amene wayamba n'kuotcha mkono wake kuti amulandire pakhomo, akalowa m'nyumbamo adzamupempha zina zambiri zoti aotche.

Aphungu