Mpando Wachiwiri pa Gule wa Makolo

Polička,
9 Novembala.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Bergen, ndipo ntchito sikukutopetsani kwambiri. Kuno kwayamba kuzizira. M'mawa nkhungu imakuta mpanda wakale wa tauni, moti popita kusukulu ndimangoona nsonga ya tchalitchi. Mudabwa kulandira kalata chonsecho timalankhulana pafoni Lamlungu lililonse. Koma pafoni inu mumafunsa kuti, "Zikuyenda?" ine n'kuyankha kuti, "Zikuyenda," basi nkhani n'kuthera pomwepo. Mwina papepala ndilimba mtima.

Kusukulu ndikukhoza ndithu. Chicheki changa, chilankhulo cha kuno, chawongoka, ngakhale anzanga akunditchabe "wa ku Norway." Nsapato munatumiza zija zandikwana. Agogo, bambo anu, ali bwino, kungoti bondo lija silikuwapatsa mtendere.

Ponditumiza kuno chaka chatha munati, "Hynek, pita ukadziwe kwanu, unachokako uli wakhanda." Ndayesetsa, Amayi. Bowa wodyedwa ndi wakupha ndikumusiyanitsa tsopano, ndipo msuzi wa mbatata ndikuphika ndekha. Koma za maphunziro a gule simunandichenjeze. Inu munadutsamo, ndiye mukudziwa. Lachisanu lililonse madzulo kalasi yathu yonse imakhala mu holo, anyamata titavala masuti ndi magolovesi oyera mbali ino, atsikana mbali inayo. Aphunzitsi athu a gule, a Kubát, akangowomba m'manja n'kunena kuti, "Abambo, pemphani!" anyamata amathamanga ngati nkhuku zaona chimanga. Ine ndimafika pomalizira. Amene amatsala ndi Bětka, mtsikana wamtali kundiposa, ndipo pakamwa pake sipasunga mawu.

"Iwe, ukuwerenga mapondedwe ako mokweza, holo yonse ikumva," anandiuza tsiku loyamba. "Ndipo nsapato izi ndabwereka kwa mayi anga. Ukaziponda ukalongosola wekha."

Ndinaziponda.

Zonsezi ndikanapirira. Koma mwezi watha a Kubát analengeza za gule wa makolo, Loweruka loyamba la Disembala, usiku uja atsikana amavina ndi abambo awo, anyamata n'kupita kukapempha amayi awo anthu onse akuona. Anati aliyense anene mipando yoti asungire abale ake. Matouš, amene amakhala kumbuyo kwanga m'kalasi, anandigunda ndi chigongono.

"Nanga iwe wa ku Norway, uvina ndi ndani? Akutumizira chimbalangondo pa positi?"

"Amayi anga abwera," ndinatero.

Mawuwo anangotuluka okha, Amayi. Ndinayankhula mokweza mpaka a Kubát anagwedeza mutu n'kumwetulira. Lachisanu lotsatira ndinavala suti, ndinatsanzika Agogo, koma ndinakakhala m'chipinda chodikirira sitima mpaka nthawi yoweruka. Lachisanu linalo chimodzimodzi. Ndinkaonerera anthu akutsika sitima, ndikuyerekeza kuti mayi wa chikhoti chabuluu uyo ndinu.

Ndinaiwala kuti tauni yathu ilibe chinsinsi. Mayi Vondrušková, oyandikana nafe aja, anandipeza akuchokera kwa mwana wawo.

"Ambuye anga, suti yonseyi kudikirira sitima? Ukukwatira ku Praha?" Nditawauza pang'ono chabe, anadzigunda pachifuwa. "Ndiye vuto lili pati? Ine ndinabereka atsikana okhaokha, gule ameneyo sindinavinepo. Chiuno chidakalipo, mwanawe, undipemphe ine!"

Ndinathokoza, poti ananena ndi mtima wabwino. Koma ndisanafike kunyumba, nkhani inali itandipitirira kale.

Ndinapeza tebulo la kukhitchini atalikankhira kukhoma, kapeti atamupinda, wailesi ikuimba nyimbo za malipenga zija Agogo amakonda. Iwo anaima pakati atavala masilipasi. Ndinadikira kukalipiridwa.

"Usavule magolovesi," anatero. "Ine ndine mayi ako. Pempha."

Ndinaseka.

"Mayi sasekedwa, chitsiru iwe. Imirira bwino. Werama. Osati choncho, sukutola ndalama pansi! Mutu wokha."

Ndinawerama n'kunena mawu aja amatiphunzitsa, "Kodi mungandilole?" Iwo anatambasula dzanja monyada ngati mkazi wa meya, ndipo tinayamba gule wa polka pakati pa chitofu ndi firiji. Amayi, Agogo amavina! Bondo lija linaiwalika. Ankangofuula kuti, "Usayang'ane mapazi, sathawa! Yang'ana kuno!" Kenaka ndinawaponda chala chachikulu cha kumanzere.

"Mayo! Chala chomwecho!" anakuwa. "Blanka nayenso anaponda pomwepo."

Chibwerereni kuno ndinali ndisanamvepo dzina lanu pakamwa pawo. Nawonso anaoneka odzidzimuka. Anazimitsa wailesi, n'kukhala pampando akusisita bondo. Anayamba kuyankhula akuyang'ana kuwindo. Anati pa gule wanu wa makolo munavala diresi yobiriwira yomwe Agogo aakazi anasoka, ndipo munkanjenjemera mpaka iwo anakunong'onezani kuti, "Tsamira pa ine, palibe adziwe." Akuti munavina bwino kuposa atsikana onse. Kodi n'zoona, kapena akukometsa?

Kenaka anandifunsa kuti, "Wawauza mayi ako?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Akabwera adzafikira kuti, Agogo?"

Amayi, musakhumudwe ndi zomwe ndilembe apa. Tsiku la maliro a Agogo aakazi ndinali pamasitepe pamene inu awiri munali kukhitchini. Munkaganiza kuti Chicheki sindimva bwino, koma ndinamva. Ndinamva Agogo akunena kuti mumasambitsa nkhalamba za eni kunja pamene mayi anu amamwalira akukuitanani. Ndinamvanso inu mukulumbira kuti simudzapondanso m'nyumba muno. Sindikuweruza aliyense. Ndikungofuna mudziwe kuti ndikudziwa chifukwa chomwe munandikweza ndege ndekha, ndiponso chifukwa chomwe mumaimba foni nthawi imene Agogo amakhala kumowa ndi anzawo.

Tsono pa funso langa lija, Agogo anati, "Chipinda chake sichinasamuke. Chili pomwe chinali." Nditawafunsa ngati angakulembereni okha, anati, "Ine makalata ayi, dzanja limanjenjemera." Koma ine ndimawaona m'mawa uliwonse akulemba mayankho m'timabokosi ta m'nyuzipepala, dzanja lili nji.

Palinso china. Sabata yatha, pa tsiku lokumbukira akufa, tinapita kumanda monga wina aliyense. Manda onse anali ngwee ndi makandulo. Agogo anayatsa yawo, ine yanga, kenaka anatulutsa yachitatu m'thumba la jekete. Nditawayang'ana anati, "Anali otchipa ukagula atatu." Anaiika pakati, n'kuitchinjiriza ndi dzanja mpaka inayaka bwino.

Lachisanu lapitali ndinabwerera ku holo. Bětka anati, "Wauka kwa akufa? Ndavina ndi a Kubát milungu iwiri chifukwa cha iwe, amanunkha adyo." Ndinapita kwa a Kubát kuti ndiwauze zoona, kuti asasunge mpando wanu. Ndisanatsegule pakamwa anandiitana ndi dzina la makolo, nati, "Bambo Šebesta, zanu zatheka kale. Agogo anu anabwera Lachitatu, asungitsa mipando iwiri kutsogolo."

Kunyumba nditafunsa, Agogo sanatukule n'komwe maso. "Winawo ndi wa chipewa changa. Ukufuna ndichiike pansi anthu achiponde?"

Ndiye ndi mmene zilili, Amayi. Tulo sindikugona bwino. Ndikuopa kuti simubwera, ndipo anzanga onse akadzanyamuka kupita kwa amayi awo ine ndidzatsala chilili pakati pa holo, Matouš akuonerera. Ndikuopanso kuti mubwera, inu ndi Agogo n'kukhala moyandikana usiku wonse osayang'anana, kapena mawu aja n'kuyambiranso. Ndipo ndikuopa kuti mukawerenga izi munena kuti, "Mwana akuvutika, abwerere ku Bergen." Chonde musatero. Kuno ndayamba kukukonda, ngakhale sindidziwa kufotokoza kwake. Ndikudziwa kuti Disembala ndi mwezi wovuta kupeza tchuthi kuntchito kwanu. Mukalephera ndidzamvetsa, ndipo Mayi Vondrušková ayamba kale kusita diresi.

A Kubát amati mwamuna amapempha kamodzi, ataimirira bwino, akuyang'ana kumaso. Akakanidwa amathokoza, n'kubwerera pamalo pake osakwinya nkhope. Ndiye yerekezani kuti ndaima patsogolo panu, magolovesi ali m'manja, ndaweramitsa mutu wokha.

Amayi, kodi mungandilole?

Mayi Vondrušková akupereka moni wambiri. Agogo sananene kuti ndipereke moni. Angodutsa pakhomo la chipinda changa kawiri, akuti akufuna magalasi awo, chonsecho ali pamphuno. Ulendo wachiwiriwu asiya envulopu patebulo, sitampa atamata kale. Mukailandira muyang'ane bwino adiresi yanu. Sindinalembe ine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Hynek