Metikashi m'mbale ya chipepeso

Lachinayi madzulo, kuno ku Nkhulambe. Tsiku lakhala lolemera, mutu ukundiwawabe.

Lero taika maliro a achemwali anga, koma bokosi linatsala pang'ono kutichititsa manyazi. Kalipentala wa pa Chiringa anakweza mtengo, akuti matabwa amakagula ku Mozambique ndipo kumeneko kwacha akuikana. Chipepeso cha mudzi wonse sichinakwane.

Tikadali osowa chochita, anafika amalume a ku Mozambique pa njinga, fumbi mpaka m'maso. Anaponya metikashi, ndalama ya kwawo, m'mbale ya chipepeso. Kalipentala uja anailandira ndi manja awiri, bokosi n'kubwera.

Ndakumbuka maliro a bambo, nkhondo ya ku Mozambique itangotha. Amalume omwewa anaponyanso metikashi, ija ya maziro ambirimbiri. Akuluakulu anaseka, akuti amenewa ndi mapepala, n'kutipatsa anafe kuti tizikagulira zinthu ku masanje. Nthawi imeneyo anthu a kumeneko ankachita kupempha kwacha. Anzathu a ku Mozambique anadzachotsa maziro aja, kwacha yathu ikungotsika chaka ndi chaka.

Potsanzika, amalume anandigwira dzanja n'kunena chapansipansi: "Mwana wanga, za ulendo uno simunawapatse ana, eti?" Anaseka, inenso ndinaseka. Zaka zonsezi sanaiwale.

Tsopano mwana wanga Yohane akuti mvula ikayamba akagwira ganyu ku Mozambique, chifukwa kulimira kwacha n'kutaya thukuta. Ndinafuna kumukalipira, koma ndimuuze chiyani? Iye anaona yekha ndalama imene yaika mayi ake aakulu m'manda. Akapita, munda uno adzalima ndani?